TIKAMBIRANE: Kodi Kalata Yanu Njomata?

Amene anakula m'masiku a Positi Ofesi adzakumbukira kuti kunali njira zitatu zotumizira mau kwa mbale wakutali. Panali positi khadi, imene ali yense woinyamula anali kutha kuiwerenga. Panali telegalamu, imene kalaliki anali kuwerenga liu ndi liu kuti adziwe mtengo wake. Ndipo panali kalata ya mu envulopu yomata. Panalibe munthu wanzeru wolemba za ngongole yake, za matenda a mkazi wake kapena za mlandu wa munda pa positi khadi, ndipo ngakhale mwana wa sukulu anali kudziwa kusiyana kwake. Lero mau athu ayenda pa foni ya m'manja, msanga kopambana kale, koma ngowerengeka amene adzifunsa ngati cimene atumizaco ndi kalata yomata kapena positi khadi.

Funso limeneli ndilo labala mapulogalamu a mauthenga amene maina ao ayamba kumveka pakati pa ophunzira ndi anchito a m'maofesi, monga Signal, Threema, Element ndi Briar. Eni ake alonjeza zinthu ziwiri. Coyamba, kuti nkhani zanu sadzaziwerenga wina ali yense koma yekhayo amene mwamlembera. Caciwiri, kuti kapangidwe ka pulogalamuyo kali poyera, kotero kuti wodziwa za makompyuta angathe kukayesa. Sabata ino tiyeni tione, inu awerengi, ngati malonjezo amenewa ali ndi phindu kwa ife, ndipo tiyambire pa Chalimbana m'boma la Chongwe, pakuti pamenepo nkhaniyi ioneka bwino.

ZIMENE TIMATUMIZA

Chalimbana ndi malo osulira aphunzitsi kuyambira caka ca 1939, pamene sukulu ya Jeanes inakhazikitsidwa kumeneko. Pambuyo pake inakhala koleji ya aphunzitsi amene ali kale pa nchito, yochedwa NISTCOL, ndipo lero ndi yunivesite. Pakati pa ophunzira ake pali aphunzitsi ambiri ophunzira ali kutali, amene amabwera pa chuthi ca masukulu, nakhala masabata owerengeka, nabwerera ku Lundazi, ku Mongu kapena ku Kasama. Miyezi yonse yotsalayo cowalumikiza ndi gulu la pa foni. M'menemo mumapita zotsatira za mayeso, zithunzi za citupa ca NRC, marisiti a ku banki, ndi madandaulo a munthu amene walephera kulipira fizi.

Kunja kwa mpanda wa yunivesite, m'midzi ya Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II, ziri cimodzi-modzi. Mlembi wa kopaletivu atumiza maina ndi manambala a zitupa za alimi olandira feteleza. Amai a cilimba ndi a banki ya m'mudzi alemberana za amene wabwereka ndi amene wacedwa kubweza. Nyakwawa ikambirana ndi nduna zake za malire a minda, m'dera limene anthu a ku Lusaka ofuna malo aliyang'ana ndi diso lakuthwa. Wina atumiza kwa mlongo wake cithunzi ca kapepala ka ku cipatala.

Kapena wina adzati, ine ndiribe cobisa. Koma kodi ndani amawerengera ndalama zake za cimanga pakati pa msika? Ndani amakambirana za cikwati ca mwana wake pa sitesheni ya basi? Cinsinsi si cizindikiro ca kuipa mtima, ndi mbali ya ulemu wa munthu. Malamulo akulu a dziko lino abvomereza zimenezi, pakuti ndime 20 iteteza nzika kuti makalata ake asasokonezedwe, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Data Protection Act loteteza mbiri ya munthu imene iri m'manja mwa makampani ndi maofesi.

MAFUNSO ATATU

Pulogalamu iri yonse ya mauthenga iyenera kufunsidwa mafunso atatu. Loyamba ndi ili: ndani angathe kuwerenga za mkati? Uthenga wa SMS ndiwo positi khadi ya masiku ano, pakuti umadutsa m'makina a kampani ya mafoni uli wosamata. Mapulogalamu atsopano agwiritsa nchito njira imene akatswiri aicha end-to-end encryption. Mau anu asanacoke pa foni yanu amasanduka zilembo zosamveka, ndipo mfungulo yowabwezera mwakale iri pa foni ya wolandira yekha. Kampani yonyamula uthengawo iri ngati kondakitala wa basi amene mwamsungitsa bokosi lokhoma: adziwa kuti wanyamula katundu, koma za mkati sazidziwa. Pano tiyenera kunena cilungamo. WhatsApp, imene ambiri a ife tiri nayo, iri ndi loko wotere kuyambira April 2016, ndipo amene anapanga lokoyo ndi omwewo anapanga Signal.

Funso laciwiri: ndani aona za pa envulopu? Kalata ingakhale yomata, koma kunja kwake kuli dzina la wolandira, tsiku ndi malo kumene inaponyedwa. Pa foni zakunjazo ndi nambala yanu, manambala a anzanu ngati mwalola kuti aonedwe, maina a magulu anu, nthawi imene mumatsegula pulogalamu, mtundu wa foni yanu ndi dera limene muli. Munthu amene wadziwa kuti sabata imodzi mwalankhula ndi dokotala, ndi loya, ndi wobwereketsa ndalama, wadziwa zambiri ngakhale sanamve liu limodzi. WhatsApp inagulidwa mu 2014 ndi kampani ya Facebook, imene tsopano ichedwa Meta, pa mtengo wa madola pafupi-fupi mabiliyoni 19, ndipo cuma ca kampani imeneyo cicokera ku kulengeza malonda. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mu January 2021 WhatsApp inauza anthu kuti abvomereze malamulo atsopano onena za kugawana mbiri ndi Facebook, ndipo anthu mamiliyoni ambiri pa dziko lapansi anathamangira ku Signal ndi Telegram, mpaka kampaniyo inasuntha tsiku lomaliza kucoka pa 8 February kufika pa 15 May.

Signal iyendetsedwa mwa njira yina. Mwini wake ndi bungwe losafuna phindu lochedwa Signal Foundation, limene anakhazikitsa mu 2018 a Moxie Marlinspike ndi a Brian Acton. A Acton ndi mmodzi wa awiri amene anayambitsa WhatsApp, ndipo atacokako anaika madola mamiliyoni 50 mu nchito yatsopanoyi. Bungweli lidalira zopereka, ndipo mwambo wake ndi wakuti cimene sunasunge sungathe kucipereka kapena kubedwa. Mu 2016 khoti la ku Virginia, ku America, linalamula kuti eni Signal apereke zonse zimene anali nazo za munthu wina wofufuzidwa. Zimene anapeza zinali ziwiri cabe: tsiku limene munthuyo analembetsa, ndi tsiku lotsiriza limene foni yake inalumikizana ndi makina ao.

Funso lacitatu ndilo lalikulu: ndani anayesa lokoyo? Pulogalamu iri yonse imalembedwa ndi anthu m'cinenero ca makompyuta. Makampani ambiri amabisa zolembazo, ndipo ife tingokhulupirira mau ao. Ena amaziika poyera kuti ali yense aziwerenge, aziyese, naloze pamene palakwika. Ndiwo mcitidwe wochedwa open source. Mfungulo ya mauthenga anu ikhalabe yanu, coikidwa poyera ndi kapangidwe ka loko. Kusiyana kwake kuli ngati kwa msungi-cuma wa kopaletivu amene abwera ndi mabuku ake ku msonkhano, ndi wina amene angoti khulupirirani, ndalama ziri bwino. Mwina onse awiri ngokhulupirika, koma mmodzi yekha ndiye tingathe kumuyesa.

Mbiri iphunzitsa cifukwa cake zimenezi ziri zofunika. Kwa zaka makumi ambiri kampani ya ku Switzerland yochedwa Crypto AG inagulitsa makina obisira mauthenga ku maboma oposa 120. Mu February 2020 kunaululika kuti kuyambira mu 1970 eni ake eni-eni anali akazitape a ku America ndi a ku West Germany, ndi kuti makina ogulitsidwa ku maiko ambiri anali kufooketsedwa dala kuti eni kampaniyo aziwerenga makalata a ogula. Maboma aja analipira ndalama zambiri kugula loko amene mfungulo yake yina inatsala kwa wogulitsa, ndipo sanadziwe cifukwa mkati mwa makinawo munali mobisika.

Tisaganize kuti pulogalamu yoikidwa poyera iribe zolakwa. Iri nazo monga nchito iri yonse ya manja a munthu, koma pali maso ambiri ozifuna. Kuyambira April 2020 kufika April 2021 eni Signal sanatulutse zolemba zatsopano za makina ao akulu, ndipo akatswiri anaona, nadandaula poyera, mpaka zinatulutsidwa. Pa pulogalamu yobisika palibe amene akadadziwa kuti pali cofunsa.

AMENE ANASAMUKA KALE

Maofesi akulu a ku Ulaya ndiwo anatsogola. Mu 2019 boma la France linapatsa anchito ake pulogalamu yakeyake yochedwa Tchap, yomangidwa pa maziko otseguka a Matrix, omwenso Element imangidwapo. Ubwino wa maziko amenewa ngwakuti bungwe lingathe kusunga makina ake m'nyumba mwake, osadalira kampani ya kunja. Mu February 2020 European Commission inalangiza anchito ake kugwiritsa nchito Signal, ndipo mu January 2022 gulu la nkhondo la Switzerland linalamula asilikali ake kusiya mapulogalamu ena ndi kutenga Threema, imene ndi yogula.

Pa Telegram pafunika kucenjeza, cifukwa ambiri aiyesa ya cinsinsi kopambana. Mbali ya pa foni iri poyera, koma ya makina akulu njobisika. Makambirano wamba ndi magulu onse alibe loko wa nsonga ziwiri uja, ndipo munthu ayenera kusankha yekha makambirano a cinsinsi a anthu awiri. Mu September 2024, patapita mwezi umodzi cimangidwire mwini wake a Pavel Durov ku France, Telegram inalengeza kuti idzapereka manambala a anthu oganiziridwa milandu ngati akhoti apempha mwa lamulo. Njabwino pofalitsa nkhani ku khamu, koma si bokosi losungiramo zinsinsi.

PHUNZIRO LA 12 AUGUST

Kuno kwathu cimene cinatsegula anthu maso cinali cina. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinaleka kugwira nchito pa manetiweki a dziko lino. Bungwe la Chapter One Foundation linapita ku Khoti Lalikulu, ndipo pa 13 August khotilo linalamula bungwe loyang'anira za mafoni la ZICTA kuti njirazo zitsegulidwe. Mu March 2022 mbali ziwirizi zinagwirizana pamaso pa khoti kuti ZICTA sidzacita kanthu kopitirira mphamvu zake za lamulo kosokoneza intaneti, ndi kuti idzafotokozera anthu cifukwa ca kusokonezeka kuli konse mkati mwa maola 36. Anansi athu a ku Mozambique anaona zofananazo pambuyo pa masankho ao a October 2024.

Cakudza siciimba ng'oma. Tsiku limenelo si andale okha amene anasowa cocita. Wogulitsa tomato, namwino, mphunzitsi woyembekeza mau a ku koleji, onse anazindikira kuti mudzi wao unali ndi njira imodzi yokha yotulukira. Loko wolimba sathandiza ngati mseu watsekedwa, ndipo Signal nayo ingathe kutsekedwa, monga anacitira ku Iran ndi ku China mu 2021 ndi ku Russia mu 2024. Phindu la kukhala ndi pulogalamu yaciwiri ndilo kukhala ndi njira yaciwiri. Briar, imene igwira nchito pa mafoni a Android, ingathe ngakhale kupereka uthenga kucokera pa foni kupita pa foni yapafupi mwa Bluetooth popanda intaneti, ngakhale kuti sifika patali.

Tiyeneranso kudziwa pamene lamulo laima. Mu April 2025 Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, olowa m'malo mwa lamulo la 2021. Malamulowa afuna kuti makampani a mafoni ndi intaneti akhale ndi zipangizo zothandiza ofufuza milandu kuchera khutu ku mauthenga. Boma linafotokoza kuti zimenezi zicitika ndi cilolezo ca khoti, ndi kuti colinga ndi kuchinjiriza anthu kwa mbava za pa intaneti. Bungwe la maloya la Law Association of Zambia ndi mabungwe ena anadandaula kuti mphamvuzo zakula kwambiri. Nzika iri yonse iyenera kumva mbali zonse ziwiri. Koma asadzinamize munthu kuti pulogalamu ya cinsinsi imcotsa pansi pa lamulo. Cinyengo ndi kuopseza anzako zikhalabe milandu kuli konse kumene zalembedwa, ndipo wolandira uthenga angathe kuuonetsa kwa apolisi.

COVUTA NCIANI?

Ngati mapulogalamuwa ali abwino cotere, nanga bwanji pa Chalimbana ndi kwina konse anthu akali pa WhatsApp? Zifukwa zake nzomveka, ndipo sizicokera ku umbuli. Munthu sasamuka yekha. Mungaike Signal lero, koma ngati amalume anu, abusa anu ndi mphunzitsi wanu kulibe, mudzalankhula ndi yani? Ndiponso makampani a mafoni amagulitsa mabandulo ochipa a WhatsApp ndi Facebook, pamene pulogalamu yina idya bandulo wamba. Mafoni ambiri ochipa adzaza kale, ndipo eni ake amafufuta zithunzi kuti uthenga watsopano ulowe. Agogo ambiri ku midzi ali ndi foni ya mabatani, imene ilandira SMS cabe. Signal ifunanso nambala ya foni polembetsa, ndipo kuno nambala iri yonse inalembetsedwa ndi citupa ca mwini wake. Kuyambira 2024 munthu angathe kubisa nambalayo kwa olankhula nao ndi kuwapatsa dzina losankha yekha, koma polembetsa ifunikabe.

Covuta copambana zonse ndi munthu mwini. Mu March 2025 akulu-akulu a boma la America anali kukambirana pa Signal za kuphulitsa mabomba ku Yemen, ndipo mmodzi wa iwo anaika m'gulumo mkonzi wa magazini ya The Atlantic, a Jeffrey Goldberg, mosadziwa. Loko sanathyoledwe, mlendoyo analowa pa khomo lotsegulidwa ndi eni nyumba. Zotere zicitika kwa ife tsiku ndi tsiku. Gulu la anthu 200, limene theka lake simuwadziwa, liribe cinsinsi ngakhale likhale pa pulogalamu yotani. Foni yosiyidwa pa kantemba kochajira yopanda nambala yotsekera ndi kalata yotsegula. Ndipo wakuba amene akuimbirani kuti mumuwerengere manambala 6 amene afika pa SMS sasowa ukatswiri uli wonse, mfungulo mwampatsa nokha.

TICITE CIANI?

Sitinena kuti tayani WhatsApp. Za maliro, za mpira ndi za mtengo wa soya zipite kumene anthu ali. Koma monga makolo athu anali kusankha pakati pa positi khadi ndi envulopu, ifenso tisankhe. Mutu umodzi susenza denga, cotero kusamuka kuyambire pa timagulu tating'ono timene tisunga zinthu za eni ake: komiti ya banki ya m'mudzi, akulu a kopaletivu, aphunzitsi osunga zotsatira za ana, banja limene liri ndi wodwala. Anthu asanu kapena khumi angathe kugwirizana pa msonkhano umodzi, naikirana pulogalamu pomwepo, wodziwa nathandiza wosadziwa.

Pamenepo asunge miyambo iyi. Wapampando aziwerenga maina a m'gulu kawiri-kawiri, ndi kucotsa amene anacoka pa udindo. Cithunzi ca citupa kapena ca pepala la malipiro cisaponyedwe m'gulu lalikulu, cipite kwa mlembi yekha. Mauthenga a nkhani zolemera aikidwe kuti azifufutika okha pakapita masiku, pakuti Signal ndi WhatsApp zonse ziri ndi njira imeneyi. Ali yense aike nambala yacinsinsi yotsekera foni ndi yina yoteteza akaunti yake, ndipo manambala obwera pa SMS asauze munthu, ngakhale wodzicha wa ku kampani. Pulogalamu itengedwe ku Play Store kapena App Store, osati kwa mnyamata wa pa msika wolonjeza WhatsApp yokongoletsedwa, pakuti zotere sizidziwika za mkati mwake.

Ndipo kwa inu aphunzitsi amene mupita ku Chalimbana caka ndi caka, nchito iyi njanu kopambana onse. Ndinu munaphunzitsa mtundu uno kulemba keyala pamwamba pa kalata ndi kumata envulopu. Mapulogalamu ambiri otseguka amamasuliridwa ndi anthu odzipereka, ndipo palibe coletsa aphunzitsi a zinenero kugwirizana kuti ena a iwo alankhule Cinyanja ndi Cisoli. Yunivesite imene iphunzitsa za makompyuta ingathenso kuyesa kusunga makina ake a Matrix, kuti nkhani za ophunzira ake zikhale m'manja mwake. Koma cocepa cimene mphunzitsi ali yense angacite mawa lomwe ndico kupatsa ana a m'kalasi mwake mafunso atatu aja: ndani awerenga za mkati, ndani aona za kunja, ndipo ndani anayesa loko. Mwana wodziwa kufunsa zimenezi adzasankha bwino ngakhale maina a mapulogalamu onsewa atasintha.